Kuika geji ya kutentha kwa injini pa tigalimoto topanda singano

Abale anga oyendetsa ma Vitz ndi ma Ractis kuno ku Tete, mwaona kuti pa dashibodi palibe singano yosonyeza kutentha kwa injini eti? Pali kagetsi basi, kamayaka m'mawa injini ikakhala yozizira, kenaka kofiira kamabwera zinthu zitavuta kale. Ndiye taganizani Novembala uno dzuwa likupitirira madigiri 40, mwanyamula anthu ndi matumba mukukwera msewu wa ku Zóbuè kudutsa Moatize kumbuyo kwa lole ya malasha, mukudikira kagetsi kofiira kakuuzeni. Ine kananditengera gasket (chomatira hedi ya injini) kameneko, ndinagona m'mbali mwa msewu, nchifukwa chake ndinaika geji.

Mugule geji ya manambala ya 52mm yobwera ndi sensa yake, ndi adaputala yachitsulo yolowa pakati pa paipi ya radiyeta, ndi tizingwe tiwiri tachitsulo tomangira paipi. Apa ndi pamene ambiri amataya ma metikali awo: adaputala zili masaizi osiyana, 28, 30, 32, 34mm, choncho yezani kaye mkati mwa paipi yanu yakumwamba musanapite ku shopu, osangoganizira.

Ntchitoyi igwireni m'mawa injini itagona usiku wonse. Chitsekero cha radiyeta yotentha sichitsegulidwa, madzi ake amasenda khungu. Chotsani waya wa negetivi pa batire, tsitsani madzi pang'ono m'beseni mpaka paipi yakumwamba ikhale yopanda kanthu. Pezani pamene paipi yawongoka, dulani ndi mpeni wakuthwa nkuchotsapo kachidutswa ngati masentimita awiri, lowetsani adaputala, mangani zolimba mbali zonse. Sensa imangeni bwino koma osaikakamiza ngati nati ya tayala, mazinga ake ndi osalimba.

Tsono tamverani apa. Ngati sensa yanu ili ya waya mmodzi, imafuna kukhudzana ndi bodi ya galimoto, koma yakhala pakati pa labala, magetsi adutsa pati? Pa adaputala pamakhala kasikuluwu kakang'ono, mangani waya pamenepo nkuupititsa pa bawuti ya bodi yopanda penti. Ine ndinaiwala, geji nkumangowerenga zamisala, ndinatsala pang'ono kukaibweza kwa wogulitsa kumunena kuti wandipatsa yakufa, chonsecho wolakwa ndine.

Mawaya enawo ndi osavuta. Wofiira upite pa fiyuzi yomwe imalandira moto pokhapokha mwatembenuza kiyi, ngati ya koyatsira fodya kaja, osati pa batire mwachindunji, mudzadzuka galimoto itafa. Wakuda pa bodi. Wa sensa udutse pa kalabala kolowera mawaya mkati, ndipo umangiriridwe kutali ndi fani komanso ekizozi. Mitundu imasiyana nthawi zina, onani kapepala ka m'bokosi.

Bwezerani madzi, makamaka coolant (madzi amankhwala oziziritsa injini) osati a pamjigo omwe amasiya dzimbiri ndi zoyera mkati, lizani injini chitsekero chili chotsegula, finyanifinyani paipi mpweya utuluke mpaka thovu lisiye, wonjezerani nkutseka. Musadabwe geji ikachedwa kukwera poyamba kenaka nkudumpha, madzi otentha amayenda mu paipi imeneyo thermostat (kavavu kotsegulira madzi njira ya ku radiyeta injini ikatentha) ikatseguka. Paja pali amakaniko ena ku ma ofisina amakonda kunena kuti kuno kotentha thermostat ingochotsedwa, ine zimenezo ayi.

Injini yabwino imasewera pakati pa madigiri 85 ndi 95, mukaima pa mzere wa pa mlatho wa Samora Machel imakwera pang'ono fani nkuyamba kuzungulira, nambala nkutsikanso. Ikadutsa 105 ikukwerabe imani, zimitsani. Koma chenjerani ndi ichi, madzi akatha sensa imatsala m'mpweya ndipo nambala itha kutsika mwadzidzidzi injini ikupsa, ndiye mukaona yagwa popanda chifukwa muli pa mtunda, imaninso mukasuzumire pansi ngati pakudontha.