Kuphunzitsa za tsankho mu Sitandade 7 ku Kasungu

Mwafunsa, aphunzitsi, mmene mungayendetsere phunziroli m'mphindi 35.

1. Musayambe ndi kuloweza tanthauzo. Gawani ana m'magulu a ana 6, afotokoze pomwe anaona munthu akusalidwa: mwana wa tenanti wa pa esiteti ya fodya, wolankhula Chitumbuka, wachialubino. Asatchule mayina, apo ayi pobuleki pabuka ndewu.
2. Lembani pa bolodi Gawo 20 la Malamulo oyendetsera dziko a 1994, lomwe limaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chilankhulo, chipembedzo kapena ulumali.
3. Achite sewero la mphindi 5. Apa ambiri amalakwitsa: wosalidwa m'sewerolo asakhale mwana amene amasalidwadi, chifukwa anzake amangopitiriza kumuseka.
4. Tsekani ndi funso: wosalidwa akadandaule kuti? Kwa mphunzitsi wamkulu, kapena ku Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza.