Musanagule TV ya 4K, yezani kaye pabalaza

Ine munthu akandifunsa za TV, ndimamuuza ayambe wayeza mtunda kuchoka pampando kufika pomwe TV idzakhale. Chithunzi cha Full HD chili ndi timadontho 1920 chopingasa ndi 1080 choimirira. Cha 4K chili ndi 3840 ndi 2160, kutanthauza kuti timadontho tachuluka kanayi. Komabe TV ikakhala ya mainchesi 43 inu muli mamita atatu, diso silisiyanitsa kwenikweni. Bola ndalamazo mugulire sikirini yokulirapo.

Mukafika nayo kunyumba, lowani pa Picture Mode (posankhira maonekedwe a chithunzi), muchotse Vivid n'kusankha Movie kapena Cinema. Poyamba chithunzi chioneka chachikasu pang'ono, koma tayang'anitsitsani nkhope za anthu: khungu lisiya kupsa ngati lapakidwa utoto. Zimitsaninso motion smoothing, yomwe imasalaza kayendedwe ka zinthu pachithunzi. Pa mpira imathandizako, koma filimu imaiwononga, ineyo sindiifuna n'komwe.

Za ma TV a 3D, oonera mutavala magalasi apadera, musavutike nazo. Samsung inasiya kupanga ma TV amenewa mu 2016, LG ndi Sony mu 2017. Mukapeza yogwiritsidwapo kale ntchito, funsani magalasi ake, ndipo ngati ali a active shutter, oyendera batire, muone kuti batire lake likugwirabe.