Kufufuza umboni m'makompyuta ndi m'mafoni: poyambira kwa mwana wa kuchigwa

Ndimakonza mafoni ndi makompyuta pa Nchalo, ndipo achinyamata odikira zotsatira za MSCE amakonda kundifunsa za computer forensics. Ambiri amayesa ndi kuthyola mapasiwedi a anthu. Ntchito yake ndi kutulutsa umboni mufoni, mukompyuta kapena mufulashi osasintha kanthu, kenaka kukaufotokoza kukhoti mpaka loya wa mbali inayo asowe pogwira.

Za sukulu n'zachidule. Limbikirani Masamu, Physics ndi Chingerezi, chifukwa lipoti losalongosoka limagwetsa mlandu. Mukakhoza, konzekani kukwera Thabwa: ku MUST, ku Ndata m'boma la Thyolo, kuli digiri ya Computer Systems and Security, ndipo ku MUBAS ku Blantyre kuli maphunziro a IT. Mumafunsira malo kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, ngongole ya fizi ku HESLGB, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira.

Koma musadikire yunivesite. Pezani laputopu ngakhale yakale, muikemo mapulogalamu a FTK Imager (yokopera) ndi Autopsy (yofufuzira), zonse n'zaulere. Tengani fulashi yanuyanu, ikanimo zithunzi, kenaka zifufuteni. Ndi FTK Imager koperani fulashi yonse, ndi malo ooneka opanda kanthu omwe, kukhala fayilo imodzi. Pulogalamuyo ikupatsani hash, mndandanda wa manambala ndi zilembo umene umasinthiratu wina akangosintha kadontho kamodzi. Lembani hashiyo m'kope, pamodzi ndi tsiku, nthawi ndi dzina la amene wakupatsani chipangizocho. Fulashi yeniyeniyo itsekereni mu envulopu, ndipo kufufuza konse kuchitike pa zomwe mwakoperazo. Mukatsegula mu Autopsy, zithunzi zija muziona zikubwerera, poti kufufuta kumangouza kompyuta kuti malowo angathe kugwiritsidwanso ntchito, zinthuzo zimakhalapobe mpaka zina zitalembedwa pamwamba. Pa SSD (chosungira mafayilo cha m'makompyuta amakono) ndi mafoni atsopano sizophweka chonchi ayi, musamalonjeze anthu zambiri.

Kope lija ndimaliwerengera kuposa laputopu. Ngati simungaonetse kuti foni inachoka m'manja mwa yani kupita kwa yani, zonse mwapeza zija n'zongocheza nazo pabawo.

Kuno kuli mavuto akeake. Mu Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40 ku Ngabu, ndipo laputopu imazima yokha ili pakati pokopera. Ine ntchito yotere ndimaigwira m'bandakucha, batire itadzaza. Mafoni omira m'madzi, monga tinawaonera nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, musawayatse kuti muone ngati akugwira, mumangowapsereza. Cha ku Marka foni imatha kukoka netiweki ya ku Mozambique, ndiye zina za mafoni amene munthu anaimba zimakhala ndi kampani ya kutsidya. Muzisamalanso nthawi: makina ambiri amalemba pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse lapansi, ife tili patsogolo ndi maola awiri. Mukaiwala, mudzanena kuti munthu anatumiza ndalama asanafike kwa ejenti.

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 liwerengeni lonse. Kulowa m'chipangizo cha munthu popanda chilolezo ndi mlandu. Adzabwera mayi kukudandaulirani kuti muwatsegulire WhatsApp ya bambo a kunyumba, ndalama ili m'manja. Akaneni mwaulemu. Wina akaberedwa pa Airtel Money kapena Mpamba, muuzeni asafufute mesejiyo, alembe nambala ya transaction, apite kupolisi. Kampani ya mafoni singakupatseni inu zambiri za kasitomala wake.

Ntchito zenizeni zili ku Blantyre ndi ku Lilongwe: kupolisi, ku ACB, ku Financial Intelligence Authority, ku MACRA, m'mabanki ndi m'makampani owerengera ndalama. Kufunika kwa ntchitoyi kunaonekera pa Cashgate mu 2013, pamene zolipira zina zinafufutidwa mu IFMIS, pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera ndalama za boma, ndipo kafukufuku anachita ndi kampani ya ku Britain ya Baker Tilly. Kuno yambirani pa ntchito wamba ya IT, kaya kukampani ya shuga, kukhonsolo ya Chikwawa kapena Nsanje, kaya kumabungwe othandiza pa ngozi zogwa mwadzidzidzi. Masatifiketi ngati Security+ (ya chitetezo cha makompyuta) ndi CHFI (ya kufufuza umboni m'makompyuta) amalipiridwa m'madola. Yambani ndi Security+, winayo mudikire abwana adzakulipirireni.