Nyimbo muzisankhiratu pa prakatisi

Anzanga oimba m'mabandi, mkangano wa nyimbo musamafike nawo pa siteji. Muzithana nawo pa prakatisi, mndandanda ulembedwe papepala tsiku lisanakwane.

Ife timachita chonchi: aliyense amabweretsa nyimbo ziwiri, timaziyesa n'kujambula pa foni. Tikamvetsera mawa lake mitima itazizira, nyimbo yofooka imadziulula yokha, ngakhale mwiniwake amangoseka. Wotsogolera kuimba yekha ndi amene timamulola kukana, chifukwa kiyi ikamukwerera, wochita manyazi pamaso pa anthu ndi iyeyo, osati wa gitala. Nthawi zambiri kungoitsitsa pang'ono nkhani imathera pomwepo.

Paukwati kapena pachinkhoswe, zokonda zanu zisiyeni kunyumba. Funsani eni mwambo, makamaka nyimbo za perekaniperekani.