Momwe mungatetezere mpamba wa golosale yanu mitengo ikamakwera sabata ndi sabata

Pa Kamwendo, pa Kapiri, pa Mkanda ngakhale pa boma pa Mchinji pali magolosale ndi maokala amene ogula sasowa. Ndalama zimalowa tsiku lililonse, koma mashelefu akunka napepuka. Pamene pankakhala mabelo asanu a shuga lero pali awiri. Zikatero ambiri amayamba kukayikira mnyamata wogulitsa, ena mpaka kuganiza za chitaka. Nthawi zambiri palibe amene waba. Mpamba umadyeka chifukwa mwini wake akuwerengera phindu lake m'makwacha, pomwe kwachayo ikutha mphamvu ili m'manja mwake.

Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idaichepetsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Mafuta a galimoto timagula kunja ndi madola, chimodzimodzinso zipangizo zambiri zopangira sopo ndi mafuta ophikira. Katundu wa ku Mchinji amayendanso makilomita oposa 100 mumsewu wa M12 kuchokera ku Lilongwe, choncho dizilo akakwera, naye amakwera. Zimenezi wa golosale sangazisinthe. Chimene angasinthe ndi kawerengedwe kake. Mitengo ili m'munsimu ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Inu ikanipo mitengo ya kumene mumapikula.

Yambani ndi kuwerenga zonse zili m'sitolo

Sankhani tsiku limene kulibe msika, tsekani chitseko, tengani kope latsopano la chikuto cholimba. Lembani katundu aliyense, kuchuluka kwake, ndi mtengo umene mungamugulire lero kohoselo. Mtengo wogulitsira usalowe m'kaundulayu, ndipo mtengo umene mudagulira mwezi watha nawonso usalowe. Mukatha, phatikizani ndalama za m'kabati ndi za m'foni, kenako chotsani ngongole zonse zimene inuyo muli nazo kwa ena. Chotsalacho ndiwo mpamba wanu. Ngongole zimene anthu ali nazo kwa inu zilembeni patsamba lina, chifukwa simungapite nazo kukaoda.

Tsopano chitani chinthu chimodzi chimene ambiri sachita: gawani mpambawo ndi mtengo wa katundu amene mumagulitsa kwambiri. Tiyerekeze kuti mpamba ndi K600,000 ndipo belo la shuga likugulidwa K50,000. Mpamba wanu ndi mabelo 12. Lembani nambala imeneyo pamwamba pa tsamba ndi zilembo zazikulu. Pakatha miyezi itatu mukapeza K660,000, mtima udzati bizinesi yakula. Koma ngati belo lafika pa K60,000, mpamba wanu ndi mabelo 11. Ndalama zachuluka, sitolo yachepa ndi belo lathunthu. Muyeso umenewu uzibwerezedwa kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndipo ndi umene uzikuuzani zoona.

Pezani mtengo weniweni wa katundu atafika pakhomo

Risiti ya kohoselo sinena zonse. Paulendo uliwonse wokaoda lembani ndalama ya minibasi kupita ndi kubwera, yolipirira katundu, ya wonyamula kudepoti, ya kabaza wofikitsa pakhomo, chakudya cha panjira, ndi imene adakudulani potapa ndalama kwa ejenti. Zonsezo zigaweni pa katundu amene mwabwera naye. Ngati mwaoda katundu wa K400,000 ndipo ulendo wadya K16,000, ndiye kuti pa K100 iliyonse muonjezere K4. Belo la K50,000 lafika pa K52,000.

Apa mpamene pamaonekera kuipa kwa maulendo afupiafupi ndi ndalama zochepa. Ulendo wa K16,000 womwewo ukabweretsa katundu wa K100,000 yekha, wadya K16 pa K100 iliyonse, ndipo phindu la shuga latha musanatsegule n'komwe belo. Ngati mpamba ndi wochepa, ndi bwino kupikula pa boma pomwepa ngakhale mtengo uli wokwererapo, kapena kugwirizana anthu atatu kapena anayi a pamsika umodzi kuti azipita mmodzi, aliyense atalemba zake ndipo risiti ibwere ya aliyense payekha.

Katundu amene mumachita kuyeza nokha pogulitsa ali ndi vuto lake. Chigubu cha malita 20 cha mafuta ophikira sichitulutsa malita 20 ogulitsa: ena amatsalira m'chigubu, ena m'fanulo, ena ndi basera. Tsegulani chigubu chimodzi, muzilemba kamzere pa muyeso uliwonse umene mwagulitsa mpaka chithe. Nambala imene mwapezayo ndiyo yogawira mtengo. Chitaninso chimodzimodzi ndi thumba la mchere, la mpunga ndi la usipa.

Ikani mtengo poyang'ana kumene mukupita, osati kumene mwachokera

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Belo lija la K52,000 lili ndi mapaketi 20, kutanthauza K2,600 paketi imodzi. Mwagulitsa pa K2,900, mwatolera K58,000, ndipo m'kope mwalemba phindu la K6,000. Mwatenga K6,000 ija mwagula ndiwo ndi mayunitsi a magetsi. Mukubwerera kohoselo ndi K52,000, mukupeza belo lili pa K57,000, kuphatikiza mayendedwe K59,000. Mwaperewera K7,000. Ngakhale mukadapanda kudya kalikonse, mukadaperewerabe K1,000. Choncho phindu lija lidalipo papepala pokha. Chimene mudadya ndi mapaketi a shuga a m'sitolo mwanu.

Njira yake ndi iyi. Sungani nambala ya foni ya kalaliki wa kohoselo kapena ya mnzanu amene amaoda kawirikawiri, ndipo muzifunsa mitengo ya katundu wanu wamkulu kawiri pasabata: shuga, mafuta, sopo, ufa wa tirigu, mchere. Mukamva kuti belo lafika pa K57,000, werengerani pomwepo. K59,000 kugawa 20 ndi K2,950. Onjezerani K300 ya phindu lanu pa paketi ija, paketi ikhale K3,250, ngakhale mapaketi amene ali pashelefu mudawagula pamtengo wakale.

Ena amaona ngati kumeneku n'kudyera anthu masuku pamutu. Pali kusiyana. Kubisa shuga kuchipinda kuti asowe kenako n'kumugulitsa pamtengo wopenga ndi mlandu, ndipo bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission limalanga ochita zimenezo. Koma kuika mtengo woti mukathe kugulanso belo lina, ndi phindu lanu la masiku onse pamwamba, ndi kumene kumachititsa kuti sitolo ikhalepobe mawa. Chofunika ndi chilungamo mbali zonse: mtengo ukatsika kohoselo, nanunso mutsitse. Lembani mitengo pabolodi ndi choko kuti aliyense aziona yekha, ndipo amayi akafunsa chifukwa chake, auzeni mtengo wa kohoselo mosabisa. Anthu amakwiya kwambiri akaona kuti mtengo ukusintha malinga ndi nkhope ya wogula.

Chovuta chimakhalapo pamene wa sitolo yoyandikana nanu akugulitsabe pamtengo wakale. Musapikisane naye mpaka kudya mpamba. Katundu wake akatha adzakumana nawo mtengo watsopano womwewo. Ngati mukuopa kutaya makasitomala, chepetsani phindu lanu kwa masiku ochepa, koma musatsike pansi pa K2,950 ija.

Ndalama ziikeni pa katundu wothamanga

K100,000 yoikidwa pa katundu amene amatha sabata iliyonse ndi phindu la K8,000 imabala K32,000 pamwezi. K100,000 yomweyo yoikidwa pa mapoto kapena mabeseni a phindu la K30,000, koma otha pakapita miyezi itatu, imabala K10,000 pamwezi, ndipo pofika nthawi yokaodanso mtengo udzakhala utasuntha katatu. Yang'anani m'kaundula wanu uja: chilichonse chimene chakhala miyezi iwiri osagulidwa chigulitseni ngakhale pamtengo wogulira, ndalamayo ilowe ku sopo ndi mafuta.

Ndalama nazonso zisagone. Kwacha yosungidwa m'kabati sabata ziwiri imagula zochepa kuposa tsiku limene idalowa.

Dzilipireni malipiro

Sitolo zambiri sizifa ndi chinthu chachikulu. Zimafa ndi sopo mmodzi wotengedwa kupita kunyumba, shuga wa alendo, K2,000 ya mwana wa kusukulu, chipepeso cha pamaliro. Zonsezi n'zofunika pa moyo wa munthu, koma zikhale ndi thumba lake. Mukawerengera phindu la mwezi pamitengo yatsopano, chotsanipo lendi, chiphaso cha khonsolo ndi malipiro a wantchito, kenako dziikireni ndalama yokhazikika pasabata imene siposa theka la chotsalacho. Chilichonse chotuluka m'sitolo kupita kunyumba chilembedwe pamtengo wogulitsira ndipo chichotsedwe pa malipirowo. Lamuloli likhudze bambo, mayi ndi ana omwe. Achimwene kapena amalume akabwera ndi vuto, athandizeni kuchokera pa malipiro anu. Kumeneko mungathe kunena moona mtima kuti zatha.

Ngongole za makasitomala

Kuno ndalama zimayenda ndi nyengo. Kuyambira Epulo mpaka Ogasiti, anthu akagulitsa soya, mtedza, chimanga ndi fodya, malonda amayenda. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya "ndilembereni, ndidzapereka ndikakolola". Kukaniratu onse sikutheka pamudzi, ndipo si nzeru, chifukwa omwewo ndiwo adzagule mu Juni. Koma ikani malire: ngongole zonse pamodzi zisapose gawo limodzi mwa magawo khumi a mpamba. Zikafika pamenepo, watsopano adikire wina abweze.

Polemba, lembani katundu, osati ndalama yokha: "mapaketi 2 a shuga, sopo 3", tsiku, ndi siginecha kapena chidindo cha chala. Gwirizanani pomwepo, pali mboni, kuti adzalipira pamtengo wa tsiku lobweza. Mukalemba K5,800 mu Januwale n'kulandira K5,800 mu Meyi, mwabwezeredwa shuga wochepa kuposa amene mudapereka. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. N'chifukwa chake ngongolezi sizilowa m'chiwerengero cha mpamba mpaka zitabwera.

Musanabwereke, werengerani

Magulu ambiri a banki m'khonde amalipitsa chiwongoladzanja cha K10 kapena K20 pa K100 iliyonse pamwezi, ndipo katapila amaposa apo kutali. Funso ndi limodzi: kodi katundu amene ndigule abala zoposa chiwongoladzanjacho mwezi womwewo? K100,000 ya pa 20 peresenti imafuna K20,000 pamwezi. Pa katundu wothamanga uja wa K32,000 mutsala ndi K12,000. Pa mapoto a K10,000 pamwezi mukhala mukutaya K10,000 mwezi uliwonse. Ngongole yokongoletsera sitolo, yogulira wailesi kapena yobwezera ngongole ina isatengedwe pachiwongoladzanja chotere. Ngati mungathe kulowa SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama) kapena kutsegula akaunti kubanki, kope lanu la miyezi isanu ndi umodzi lolembedwa bwino lidzakuthandizani kusonyeza m'mene bizinesi ikuyendera.

Za foni ndi za malire

Wogula akati watumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, musakhulupirire uthenga wokha, chifukwa akathyali amatumiza mauthenga abodza ofanana ndi enieni. Onani balansi nokha pa *211# kapena *444# katundu asanatuluke. Ngati ahoselo amalola, alipireni kuchokera pafoni pomwepo kuti musadulidwe potapa komanso musayende ndi ndalama zambiri m'minibasi.

Amene mumaoda ku Chipata kudzera pa Mwami muli ndi ndalama ziwiri zoyang'anira. Lembani tsiku lililonse la ulendo kuti kwacha imodzi ya Zambia mwaigula pa ndalama zingati za kuno, ndipo mtengo wogulitsira uwerengeredwe pa kasinthidwe ka lero, osati ka tsiku limene mudaoloka. Phatikizaniponso msonkho wa MRA. Funsani pachipata za ndondomeko yopepukitsira amalonda ang'onoang'ono ya COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, chifukwa katundu wina wopangidwa ku Zambia salipitsidwa msonkho wolowera ngati ali pamndandanda wake. Njira za m'tchire zimaoneka zotchipa, koma katundu akalandidwa kamodzi, mpamba wonse wapita.

Malonda akafika pachimake mu Juni ndi Julaye, ndalama zowonjezerazo zisandutseni katundu wosaonongeka amene adzafunikebe m'dzinja: sopo, mchere, machesi, makandulo, makope a sukulu. Onani tsiku lothera ntchito pa katoni iliyonse musanalipire, ndipo matumba a mchere ndi shuga asanjeni pamatabwa, otalikirako ndi khoma, kuti chinyezi cha mvula chisawalowe.