Difu ya Mustang yanga sindinaisinthe yonse

Nditawonjezera mphamvu ya injini ya galimoto yanga ya Ford Mustang ya 1989 n'kuika matayala otakata kumbuyo, ekiselo yakumanja inagonja. Nditaizula ndinapeza ma spline ake, mano a kumapeto kwa ekiselo olowa mu difu, atapotoka ngati chingwe. Anzanga anati ndingogula difu ina yonse yolimba, yotchedwa Ford 9-inch, basi. Koma ija ndi yolemera, yodula, ndipo imakoka zina: mabuleki, shafti. Ine ku mpikisano wa drag, wa liwiro pa mtunda waufupi wowongoka, ndimapita mwa apo ndi apo.

Ndinasunga difu ya 8.8-inch yomwe galimoto inabwera nayo. Ndinachotsa ma ekiselo a ma spline 28 n'kuika a 31, difu yamkati n'kusinthanso kuti zigwirizane. Mapaipi a ekiselo ndinawawotcherera ku chibokosi cha difu, poti amalowetsedwa mothinitsa n'kuwotchereredwa pang'ono chabe ndipo amatha kutembenuka. Patha chaka tsopano, kumbuyoko kuli zii.