Kufufuza Chimene Chikuchititsa Injini ya Thirakitala Yakale Kumisa

Ambiri mwa mathirakitala akale amene akugwirabe ntchito m'boma la Zomba, kaya m'minda ya ku Thondwe kapena m'madambo a kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndi a mtundu wa Massey Ferguson, monga 135, 165 ndi 290, ndipo ali ndi injini za dizilo za Perkins. Injini zimenezi n'zolimba, koma ikafika miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene aliyense akufuna kuti munda wake ugaulidwe mvula isanagwe, zambiri zimayamba kumisa: kulira kwake kumadukizadukiza, thirakitala yonse imanjenjemera, ndipo pulawo ikangolowa m'nthaka mphamvu zimatha. Eni ake ambiri amathamangira kumasula pampu yaikulu ya mafuta, pamene pampuyo ndi chida chodula kukonzetsa ndiponso kawirikawiri sindiyo imakhala yolakwa. Kufufuza kuyenera kuyambira pa zinthu zosavuta, ndipo pampu ikhudzidwe pomaliza penipeni.

Choyamba, imikani thirakitala pamalo osatsetsereka, chotsani giya, mangani mabuleki, ndipo muisiye ilire pang'onopang'ono mpaka itatentha. Mvetserani ngati kumisako kukubwera mwadongosolo, pamalo amodzimodzi pa kuzungulira kulikonse, kapena ngati kukubwera mwa apo ndi apo. Kumisa kwadongosolo kumaloza silinda imodzi (chipinda cha m'kati mwa injini momwe mafuta amayakira) imene sikuwotcha mafuta. Kumisa kosokonekera, kumene injini imakwera n'kutsika yokha kapena kufuna kuzima ikalemedwa, kumasonyeza kuti mafuta sakufika mokwanira kumasilinda onse. Amene sanazolowere 135 achenjere pang'ono, chifukwa injini yake ili ndi masilinda atatu okha, ndipo ngakhale ili bwinobwino kulira kwake sikukhala kosalala ngati kwa 165 kapena 290, zimene zili ndi masilinda anayi.

Yang'ananinso utsi. Utsi woyera wonunkha dizilo ndi mafuta amene atuluka osapsa. M'mawa wozizira wa mwezi wa Juni kapena Julayi, makamaka m'mbali mwa phiri la Zomba, utsi wotere kwa mphindi zochepa si wodetsa nkhawa, koma ukapitirira injini itatentha ndiye kuti pali vuto. Utsi wakuda umatanthauza kuti mafuta achuluka kuposa mpweya, choncho musanaganize za china chilichonse tsegulani chosefera mpweya, chimene pa mathirakitala akale ambiri chimakhala ndi kabakuli ka oyilo pansi pake, ndipo m'chilimwe kabakuliko kamadzaza matope a fumbi m'masiku ochepa. Utsi wobiriwira motuwa ndi oyilo amene akupsa.

Ngati kumisa kuli kosokonekera, tsatani njira ya mafuta kuchokera ku thanki. Masulani chivundikiro cha thanki injini ikulira. Ikasintha n'kuyamba kulira bwino, kabowo kolowetsa mpweya pa chivundikirocho katsekeka. Pampopi wa pansi pa thanki pamakhala kasefa kakang'ono kamene kamagwira dzimbiri ndi zinyalala, ndipo anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo. Kenako onani kagalasi ka pansi pa fyuluta yosefa mafuta. Madzi amalemera kuposa dizilo, motero amakhala pansi, ndipo mzere wowalekanitsa umaoneka ndi maso. Madziwa amachokera m'migolo ndi m'zigubu zosungiramo mafuta, komanso m'thanki imene imagona usiku ili pafupifupi yopanda kanthu, chifukwa chinyezi chimasanduka madontho m'kati mwake. Akhetseni, ndipo ngati simukukumbukira tsiku limene fyuluta inasinthidwa, isintheni pamodzi ndi mphira zake zonse. Mphira yakale kapena yokhala mopendekeka imalowetsa mpweya ngakhale kunja kusakuoneka dontho lililonse la mafuta, ndipo vuto limeneli lazunguza amakaniko ambiri.

Njira yachidule yotsimikizira ndi iyi: tengani kachigubu ka dizilo woyera, lumikizani payipi yoonekera m'kati kuchokera m'kachigubuko kupita ku kapampu kakang'ono kokoka mafuta, n'kuliza injini. Ikasiya kumisa, vuto lili pakati pa thanki ndi kapampuko.

Mukatsegula paliponse m'njira ya mafuta, mpweya uyenera kuchotsedwa mwa dongosolo lake. Masulani pang'ono kabawuti ka pamwamba pa fyuluta, n'kumapopa kachogwirira ka kapampu kakang'ono kaja mpaka mafuta atatuluka opanda thovu, kenako mangani. Chitani chimodzimodzi pa timabawuti tiwiri ta pampu yaikulu ija, ya mtundu wa CAV, kuyambira kapansi. Ngati kachogwirirako kakungoyenda mopepuka osakoka kanthu, zungulitsani injini kamodzi, chifukwa nthawi zina imaima pamalo amene kapampuko sikangapope ndi dzanja. Pomaliza masulani manati a mapaipi a pa mainjekita awiri (injekita ndi kachida kopemerera mafuta m'silinda), zungulitsani injini ndi sitata mpaka mafuta atayamba kutuluka, n'kumanganso.

Ngati kumisa kuli kwadongosolo, ntchito ndi yopeza silinda yolakwa, ndipo apa m'pofunika kudekha. Injini ikulira pang'onopang'ono, ikani sipanala pa nati ya payipi imene ikulowa mu injekita yoyamba, phimbani ndi chiguduli chokhuthala, n'kumasula pang'ono chabe, osafika theka la kuzungulira. Mukatero mwaimana mafuta silindayo. Ngati inali kugwira ntchito, injini itsika mphamvu ndipo kunjenjemera kuwonjezeka pomwepo. Mangani n'kupita pa yotsatira. Silinda imene mwamasula nati yake koma kulira osasintha ngakhale pang'ono, imeneyo ndiyo ikumisa. Musaike chala kapena chikhatho pamene mafuta akutuluka, chifukwa dizilo wa m'mapaipi amenewa amatuluka mwamphamvu moti angathe kuboola khungu, ndipo bala lotere, ngakhale likuoneka laling'ono, limafunika kuchipatala tsiku lomwelo. Samalaninso malaya anu ndi fani komanso lamba wake. Amene akuopa kugwira sipanala injini ikulira angathe kuiliza ili yozizira kwa mphindi imodzi, kuizimitsa, n'kuyandikiza dzanja pamene utsi wa silinda iliyonse umatulukira. Pamene pachedwa kutentha ndi pamene pali vuto.

Kupeza silinda si kupeza chifukwa. Chotsani injekita ya silinda imeneyo, muisinthanitse ndi ya silinda yoyandikana nayo, ndipo poibwezera ikani washa wamkuwa watsopano, mutaonetsetsa kuti wakale sanatsalire m'dzenjemo. Bwerezani kuyesa kuja. Kumisa kukasamuka pamodzi ndi injekita, wolakwa mwamupeza. Musayese kutokosa timabowo ta nozo, nsonga ya injekita, ndi singano kapena waya, chifukwa n'tating'ono kwambiri ndipo tikangokula pang'ono nozoyo imadontha m'malo mopemerera mafuta. Mainjekita amayesedwa pa makina ake, ndipo kwa ife a ku Zomba nthawi zambiri zimenezi zimatanthauza ulendo wa ku Blantyre. Ine ndimalangiza kunyamula onse nthawi imodzi, pakuti anagwira ntchito zaka zofanana, ndipo imodzi ikatopa zinzake sizikhala kutali.

Kumisa kukatsalira pa silinda yomwe ija, vuto lili m'kati mwa injini kapena pa pampu. Dikirani injini izizire, chotsani chivundikiro cha pamwamba pa injini, ndipo muone ngati pali sipuling'i yothyoka ya vavu (kachitseko kolowetsa mpweya kapena kotulutsa utsi m'silinda) kapena kandodo kokankha vavu kopindika. Yesani mpata wa mavavu: pa injini za Perkins zimenezi umakhala 0.30 mm injini ili yozizira. Mpata ukachepa kwambiri vavu sitseka bwino, mpweya umathawa, ndipo popeza dizilo amayaka chifukwa cha kutentha kwa mpweya wopanikizidwa, silindayo siwotcha. Poika mipata kumbukirani kuti injini ya masilinda anayi imawotcha motsatana 1-3-4-2, pamene ya masilinda atatu imatsata 1-2-3.

Mavavu akakhala bwino, yang'anani kapayipi kopumira injini, kamene kamaloza pansi m'mbali mwake. Ngati kakufuka utsi wambiri mogunda, maring'i a pisitoni atha. Tsegulani rediyeta injini ili yozizira, kenako muilize. Thovu losalekeza m'madzimo, madzi omapunguka tsiku ndi tsiku popanda podontha, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, zonsezi zimaloza gasiketi ya hedi, imene imamata pakati pa mutu wa injini ndi masilinda. Masilinda awiri oyandikana akamamisa pamodzi, kawirikawiri gasiketi imakhala itapsa pakati pawo. Musanalole kuti hedi imasulidwe, pemphani amakaniko kuti ayese kupanikiza kwa silinda iliyonse ndi geji ya injini za dizilo, osati ya galimoto ya petulo, ndipo chofunika kwambiri pa manambalawo ndi kusiyana kwa silinda imodzi ndi zinzake.

Zonsezi zikapezeka kuti zili bwino, m'pamene mungaganizire pampu yaikulu. Musaitsegule m'munda ndipo musadule mawaya ake omatira, chifukwa m'kati mwake simufuna ngakhale kafumbi. Musanaichotse, onani timizere ta pa pampu ndi pa injini timene timasonyeza pamene inakhazikidwa. Ngati tasiyana, n'kutheka kuti wina anaisuntha, ndipo kungoibwezera pamzere kungathetse vutolo. Ngati timizereto tafufutika, lembani tanu ndi tchizulo musanamasule manati. Tsekani mabowo onse a pampu ndi a mapaipi ndi pulasitiki yoyera, lembani nambala ya silinda pa payipi iliyonse, ndipo popita kokayesetsa lembaninso nambala ya injini, chifukwa pampu zooneka zofanana zimatchunidwa mosiyana malinga ndi injini imene zikugwirapo ntchito.